Kwaya, ng'oma ndi kompyuta: tisankhe pulogalamu iti?



Sabata ino tapatuka pang'ono pa njira yathu ya masiku onse, pakuti pali funso limene lakhala likubwerabwera pakati pa oimba kwaya ndi anyamata a kiyibodi, ndipo taona kuti kuliyankha mmodzimmodzi pabwalo la tchalitchi sikukukwanira. Funsolo ndi ili: munthu amene wapeza kompyuta kunyumba, kaya ndi laputopu yogula kwa wina, kaya ndi yotumizidwa ndi mbale wa ku Joni, aikemo pulogalamu iti yokonzera nyimbo? Ambiri pofunsa amakhala atadziyankha kale mumtima. Adamva kuti akatswiri amagwiritsa ntchito FL Studio kapena Cubase, ndipo chimene akufuna nkungowalozera munthu amene ali nayo pa fulashi. Ife tikuganiza kuti funso limeneli aligwirira kumchira. Tisanatchule dzina la pulogalamu, tiyenera kudziwa nyimbo imene tikufuna kuitumikira, chifukwa pulogalamu iliyonse idapangidwa ndi anthu amene anali ndi nyimbo yawoyawo m'makutu, ndipo mwakachetechete imamukokera mwini kompyuta ku nyimbo imeneyo.

Tiyambe ndi kulekanitsa zinthu zimene ambiri amazisakaniza. Kompyuta imasunga nyimbo m'njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kujambula mawu enieni: maikolofoni imamva kwaya, ndipo kompyuta imayeza kunjenjemera kwa mpweya kambirimbiri nkulemba manambala. Pa CD kuyezako kumachitika ka 44,100 pa sekondi iliyonse, kotero kuti mphindi imodzi ya nyimbo imadya pafupifupi ma megabyte 10. Yachiwiri ndiyo MIDI, pangano limene makampani opanga zoimbira adamvana mu 1983, motsogozedwa ndi Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland ku Japan. Mu MIDI mulibe mawu ngakhale pang'ono. Muli malangizo okha: noti yakuti iyambe apa, igundidwe ndi mphamvu yotere, ithere apo. Noti iliyonse ili ndi nambala yake kuyambira 0 mpaka 127, ndipo C wa pakati pa kiyibodi ndi 60. Tingati MIDI ili ngati pepala la wotsogolera kwaya, pamene mawu ojambulidwa ali ngati kwaya yeniyeniyo ili mkati moimba. Pepala mutha kulifufuta, kukweza kiyi, kuonjezera liwiro, kusandutsa piyano kukhala limba, osawononga kanthu. Koma mawu a munthu akajambulidwa salola kukokedwa patali osapunduka.

Pamenepa pakutuluka ntchito zitatu. Kusanja malangizo a MIDI m'ndondomeko yake, kumene amakutcha sequencing, ndi ntchito imodzi. Kujambula, kudula, kulumikiza ndi kuyeretsa mawu ndi ntchito ina. Kulemba manotsi papepala loti oimba awerenge ndi yachitatu. Pali mapulogalamu odziwa imodzi yokha, ndipo pali ena odziwa ziwiri. Amene akukuuzani kuti yake imachita zonse mofanana, mumufunse kuti adayesapo zingati.

Ntchito yachitatuyi ndiyo imene makwaya athu akuisowa koposa, ngakhale kuti palibe amene amaifunsa. Tonse tikudziwa kumene nthawi ya maphunziro a kwaya imathera: aluto abwereza mzere wawo kasanu, tena ayembekezera, besi ayamba kucheza, ndipo dzuwa likamalowa nyimbo isanamangike, theka la anthu lathawira kunyumba. Pa vuto ili pali MuseScore, imene idayambitsidwa ndi Werner Schweer wa ku Germany mu 2002, ndipo ndi yaulere mwalamulo. Mumalemba mizere inayi, nkuika mawu a nyimbo pansi pa manotsi, kenaka kompyuta imaimba mzere uliwonse pawokha kapena yonse pamodzi. Mzere wa aluto mungathe kuusunga ngati MP3 nkuutumiza pa WhatsApp Lolemba, kuti pofika Lachinayi aliyense abwere ataumva kale. Pepala lake limasindikizidwa laukhondo, ndipo nyimbo imene wopeka wake adamwalira kapena adasamuka siimangosungunuka m'mitu ya anthu. Tinene poyera malire ake: MuseScore idapangidwira manotsi a m'mizere isanu, osati tonic sol-fa ya d r m f s imene ambiri mwa ife tidakulira, choncho wina m'kwaya ayenera kudzipereka kuphunzira mizereyo. Ndiponso MuseScore 4, imene idatuluka mu December 2022, imalemerera makompyuta akale. Pa laputopu yotopa, MuseScore 3 imayenda mopepuka.

Izi si zachilendo mu Mpingo. Guido wa ku Arezzo, mmonke wa chipani cha Benedikto Woyera, adavutika ndi zomwezi m'zaka za m'ma 1000, poona kuti oimba ake amatha zaka zambiri akuloweza nyimbo ndi khutu lokha. Njira yake yolemba manotsi pa mizere ndiyo gwero la imene tikuiona pa kompyuta lero, ndipo mayina a re, mi, fa adachokera kwa iye yemweyo.

Koma pali chenjezo limodzi kwa opeka nyimbo. Kompyuta imaimba manotsi, siitchula mawu, ndipo Chichewa ndi chinenero chimene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo. Khungu la pathupi ndi khungu la maso timazilemba mofanana, koma khutu limazisiyanitsa. Chimodzimodzi mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Amene amapeka nyimbo pongodinadina manotsi pa kompyuta, nkudzapanikiziramo mawu pambuyo, amatulutsa nyimbo imene agogo akaimva amati, kodi akuimba chinenero chanji? Nyimbo iyambire pakamwa. Muiimbe poyenda, muiimbe potunga madzi, mawu akhazikike m'maimbidwe ake. Kompyuta ibwere pambuyo ngati mlembi.

Pa ntchito yodula ndi kuyeretsa mawu sitichedwapo, chifukwa yankho lake ndi lodziwika. Audacity, imene Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg adayambitsa pa yunivesite ya Carnegie Mellon nkuitulutsa mu 2000, ndi yaulere ndipo imaphunzirika m'madzulo awiri. Ngati mwajambula kwaya ndi foni kapena ndi maikolofoni imodzi, ndipo mukufuna kuchotsa kutsokomola kwa poyambira, kuchepetsa mkokomo wa jenereta, kukweza mawu ndi kusunga MP3, simukusowa china. Ingokumbukirani kuti zambiri zimene mumachita mu Audacity zimasintha mawu enieniwo, ndipo mukatseka pulogalamu njira yobwerera imatsekeka. Choncho sungani padera fayilo yoyambayo musanaikhudze. Kusanja MIDI si ntchito yake, musaikakamize.

Tsopano tafika pamene pagona nkhani. FL Studio, imene idabadwira ku Belgium kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi dzina la FruityLoops nkusintha dzina mu 2003, ndi pulogalamu yabwino, ndipo sitikufuna kuinyoza. Nyimbo zambiri za amapiano za ku South Africa zimapangidwira m'menemo, ndipo eni ake ali ndi mwambo woyamikika wakuti amene wagula kamodzi amalandira zosintha zonse za mtsogolo osalipiranso. Koma taonani chimene imakupatsani mukangoitsegula: mzere wa timabokosi 16, togawidwa tinayitinayi, toyembekezera kuti mudine pamene ng'oma igunde. Timabokosi timeneti tidapangidwira nyimbo za m'malo ovinira, zoyenda mwa kugunda kunayi kofanana, kobwerezabwereza osapuma. Tsono mverani ng'oma ya kwathu pa nyimbo ya zopereka. Nthawi zambiri imayenda patatupatatu, chimene olemba nyimbo amachitcha 6/8 kapena 12/8, ndipo m'manja mukuombedwa kawiri pamene ng'oma ikugunda katatu. Visekese nazo zili ndi njira yakeyake pamwamba pake. Kukoma kwake kuli pa kukokana kumeneko. Mnyamata amene sadziwa zimenezi amaithyola ng'omayo kuti ilowe m'timabokosi 16, ndipo chotuluka chimamveka chaukhondo, chamakono, koma amayi a m'limana akayesa kuvina mapazi amakana. Zoona, kagawidwe ka timabokosito kamasinthika, mu FL Studio ngakhale mu pulogalamu ina iliyonse; koma amasintha ndi munthu amene wadziwa kuti pali choyenera kusintha, ndipo ambiri amangotsata chimene apeza.

Pali batani lina lotchedwa quantize, limene limakokera noti iliyonse pa mzere wa nthawi wapafupi. Kwa woimba kiyibodi amene zala zake zimaterereka, ndi mankhwala. Koma wodziwa ng'oma amachedwetsa dala kugunda kwina ndi kutsogoza kwina pang'ono, ndipo batanili silisiyanitsa luso ndi kulakwa: limawongola zonse. Chimodzimodzi kwaya imapuma. Imachedwa pothera ndime, imadikira wotsogolera atenge mpweya, ndipo oyankha amalowa woyambitsa asanamalize liwu lake lomaliza. Mukaimangirira ku kawotchi ka kompyuta kogunda mosasintha, mwaichotsera mpweya umenewo. Za Auto-Tune, imene idatuluka mu 1997, tingonena kuti liwu limene limatsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina, monga amachitira amayi athu pa nyimbo za maliro, si liwu lodwala lofuna kuchiritsidwa.

Izi tikuziona kale ngakhale popanda kompyuta, pamene masitayilo a m'kiyibodi alanda malo a ng'oma, nyimbo yolapa ya m'nyengo ya Lenti nkumayenda ndi kugunda komweko kwa nyimbo yothokoza ya pa Pasaka. Msonkhano wa Vatican II, m'chikalata chake cha Sacrosanctum Concilium cha mu 1963, pa ndime 119, udalamula kuti maimbidwe a mitundu ya anthu alemekezedwe ndi kupatsidwa malo ake m'chipembedzo. Makolo athu m'chikhulupiriro adalimbana kuti ng'oma ilowe m'tchalitchi. Chingakhale chinthu chomvetsa chisoni kuti ife, adzukulu awo, tiitulutsenso ndi manja athu, osati chifukwa wina watiletsa, koma chifukwa pulogalamu idatsegukira pa 4/4.

Nchifukwa chake, kwa amene cholinga chake ndi kujambula kwaya, ng'oma ndi kiyibodi pamodzi, ife tikulozera ku Reaper. Idapangidwa ndi kampani ya Cockos ya Justin Frankel, yemwe uja adapanga Winamp, ndipo idatuluka mu 2006. Fayilo yake yoikira pa kompyuta ndi ya ma megabyte ochepa, yosamaliza bandulo, ndipo imayenda pa makina amene mapulogalamu ena akuluakulu amawakana. Imajambula mizere yambiri nthawi imodzi, imasanja MIDI, ndipo kudula kwake sikuwononga mawu oyamba. Chachikulu kwa ife nchakuti mungathe kuzimitsa kawotchi kaja, kwaya iimbe monga imaimbira, kenaka nkuiuza kompyuta kuti mizere yake ya nthawi itsate kwayayo. Kiyibodi ndi besi zoonjezera pambuyo zimapuma pamodzi ndi anthu. Sitikubisa kuti nkhope yake ndi yosakopa, ndipo sabata yoyamba imatopetsa. Siibweranso ndi nkhokwe ya zoimbira monga FL Studio. Piyano ndi limba muyenera kuzifuna padera, ngakhale kuti zaulere zilipo zambiri za mtundu wa VST, umene kampani ya Steinberg, eni ake a Cubase, adayambitsa mu 1996. Koma chikomekome cha mkuyu tikuchidziwa tonse, ndipo pulogalamu siiyesedwa ndi utoto wake.

Amene mtima wake uli pa kupanga mabiti, osati kwaya, ndipo alibe ndalama, ayese LMMS: ndi yaulere, kagwiridwe kake nkofanana ndi FL Studio, koma siijambula mawu a pa maikolofoni, choncho iyenera kuyenda ndi Audacity. Amene akusonkhanitsa ndalama zogulira FL Studio adziwiretu zinthu ziwiri: yoyesera imalola kusunga ntchito koma siilola kuitsegulanso mpaka mutagula, ndipo yotchipitsitsa, yotchedwa Fruity Edition, siijambula mawu a woimba. GarageBand ndi yabwino, koma ndi ya makina a Apple okha.

Tsopano nkhani ya fulashi ija. Tikudziwa kuti mapulogalamu ambiri a m'makompyuta a achinyamata ndi othyoledwa loko, amene amawatcha crack, ndipo tikudziwa chowiringula chake: ndife osauka, eni ake ndi olemera, ndalama zakunja nzosowa, ndipo khadi yolipirira pa intaneti si aliyense ali nayo. Mfundo zimenezi si zopanda pake, ndipo sitikuziponyera kutali. Zikadakhala zolemera kwambiri kukadapanda njira ina. Koma taonetsa kale kuti ntchito zonse zitatu zili ndi pulogalamu yaulere kapena yotsika mtengo, ndiye kuti chimene chikutikokera ku yobedwayo si njala koma dzina. Ife tomwe timadandaula kwaya ikatulutsa chimbale, ndalama za situdiyo zisanabwerere nkupeza nyimbo zake zikukoperedwa pamsika. Timati bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, lichitepo kanthu. Wolemba pulogalamu naye ndi mmisiri wodya thukuta lake, ndipo lamulo lachisanu ndi chiwiri silidapatule katundu wosagwirika ndi manja. Pa Reaper nkhaniyi imafika poyera kwambiri. Eni ake amakupatsani masiku 60 oyesera pulogalamu yathunthu, ndipo masikuwo akatha saitseka; imangokukumbutsani kuti nthawi yolipira yakwana. Chiphaso cha munthu wamba kapena bungwe losachita malonda ndi madola 60. M'makwacha si ndalama yochepa, koma kwaya imene imatha kusonkha za yunifolomu ndi za minibasi ya ku chikondwerero cha Cecilia Woyera ingathenso kusonkha zimenezi kamodzi. Apa palibe loko woti athyoledwe, pali chikumbumtima chokha.

Ngakhale amene mfundo ya chikumbumtima siikumukhudza aganizire za kompyuta yake. Malangizo a mapulogalamu othyoledwa kawirikawiri amayamba ndi kukuuzani kuti muzimitse chotetezera mavairasi. Munthu wobwera usiku nkukupemphani kuti muyambe mwamanga galu, mumamulandira bwanji? Ndipo laputopu imeneyo ndi yomweyo muli zolemba za kusukulu, mwinanso kaundula wa mphakati.

Tinenenso za matenda ena a achinyamata, odzaza kompyuta ndi mapulogalamu asanu nkusadziwa ngakhale imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Pafupifupi onsewa amachita masamu ofanana posakaniza mawu. Kusiyana kumene mumamva pa nyimbo za akatswiri kumachokera ku chipinda, ku maikolofoni, ku oimba ndi ku khutu la wosakaniza. Kwaya yojambulidwa m'chipinda cha malata opanda siling'i mvula ikugwa siingapulumutsidwe ndi Cubase. Ndalama yoyamba ipite ku maikolofoni yabwino, kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta kotchedwa audio interface, ndi mahedifoni otseka makutu. Pojambula, mawu asafike pa 0 dB, pamene chizindikiro chimafiira, pakuti mawu osweka pamenepo sakonzekanso. Asiyireni mpata, azithera cha pa -12 kapena -6.

Ambiri amataya pulogalamu yabwino chifukwa cha vuto limene si lake. Adina kiyibodi, liwu nkumveka mochedwa, iwo nkuti pulogalamuyi njachabe. Kuchedwako kumachokera ku kukula kwa buffer, ndiko kuti chigawo cha mawu chimene kompyuta imayamba yasonkhanitsa isanatulutse. Pa muyeso wa 44,100, buffer ya 256 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 6, amene khutu siliwalabadira; ya 2,048 imachedwetsa ndi 46, ndipo palibe angaimbe nayo. Pojambula ichepetseni, posakaniza ikulitseni kuti kompyuta isatsamwe. Pa Windows sankhani dalaivala ya ASIO yobwera ndi kabokosi kanu, ndipo ngati mulibe kabokosi, ASIO4ALL ndi yaulere. Kunonso magetsi sapangana ndi munthu, choncho musanayambe ntchito iliyonse funani pamene pulogalamu imasungira yokha, muiuze izisunga mphindi zisanu zilizonse.

Chotsala ndi cha mawa. Mapulogalamu amafa monga makampani amafera. Cakewalk idatumikira oimba kuyambira m'zaka za m'ma 1980, koma mu November 2017 kampani ya Gibson, imene inali mwini wake, idalengeza kuti yasiya kuipanga, ndipo anthu amene adasunga ntchito ya zaka zambiri m'mafayilo ake adagwira njakata kufikira BandLab ya ku Singapore itaitola mu 2018. Fayilo ya ntchito ya pulogalamu ina siitseguka mu inzake, ndiponso si nyimbo yoti mungapereke ku Radio Maria kapena ku Radio Alinafe. Choncho nyimbo ikatha, tulutsani mzere uliwonse pawokha ngati WAV, kuyambira pa sekondi yoyamba kuti idzalumikizike mosavuta. Tulutsani MIDI ya zoimbira zonse. Tulutsani PDF ya manotsi. Mitundu itatu imeneyi imatseguka pafupifupi paliponse. Ziikeni mu foda imodzi yolembedwa dzina la nyimbo, la woipeka ndi chaka, ndipo kope lina likhale pa fulashi yosungidwa ndi mlembi wa kwaya, osati m'laputopu ya mnyamata mmodzi amene chaka chamawa adzakhala ali ku koleji ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Amene akukayikabe pakati pa mapulogalamu awiri, atenge nyimbo imodzi ya kwaya imene akuidziwa bwino, makamaka ya ng'oma yoyenda patatupatatu, aikonze yonse mu iliyonse mwa awiriwo, sabata imodzi uku, sabata ina uko. Akatha akaimveretse kwa woimba ng'oma wa kwaya ya akuluakulu, osamuuza kuti iyi yachokera kuti, ndipo ayang'ane manja ake ngati ayamba kugunda pa bondo.